Ufa wophera khoswe susankha mimba

Chimanga chikalowa m'nyumba, khoswe naye amasamukira komweko. Iyi ndiyo nyengo yomwe mabanja ambiri amathamangira kumsika kukagula mankhwala a makoswe, ena opanda ngakhale kapepala kofotokoza zomwe zili m'kati.

Ena mwa mankhwala omwe maiko ambiri amaphera makoswe ndi zinc phosphide, ufa wotuwa moderako wonunkha ngati adyo. Udayamba kugwira ntchitoyi ku Italy mu 1911.

Ufawu susungunuka m'madzi, koma chinyezi chimauswa pang'onopang'ono. Zoopsa zenizeni zimayamba ukafika m'mimba. Ukakumana ndi asidi wogaya chakudya, umatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa phosphine, womwe umalowa m'magazi n'kuwononga mtima, mapapo, chiwindi ndi impso. Khoswe satha kusanza, n'chifukwa chake akadya ufawu sapulumuka.

Tsoka lake ndi lakuti mimba ya mwana, galu kapena nkhuku ilinso ndi asidi. Ndipo poti poizoniyu amasakanizidwa ndi chakudya pofuna kukopa khoswe, mwana wokwawa amangotola n'kuponya m'kamwa. Wodyayo amamva nseru, amasanza, m'mimba mumapota ndipo amabanika. Nthawi zina zizindikirozi zimachedwa kuoneka, makolo n'kumayesa kuti zonse zili bwino. Mankhwala osukulutsa poizoniyu kulibe. Madokotala amangothandiza thupi kuti lipirire.

Ngakhale masanzi a wodwalayo ndi oopsa. Bungwe loona za matenda ku America la CDC lidalengeza mu 2012 kuti anthu asanu ndi atatu ogwira ntchito m'zipatala za ziweto adadwala pakati pa 2006 ndi 2011 atapuma mpweya wochokera m'masanzi a agalu omwe adadya poizoniyu.

Kuno kwathu, komwe mbewa ndi ndiwo zapamtima, nkhaniyi ndi yofunika kuimvetsa. Ufawu umatsalira m'matumbo mwa kanyama komwe kaudya, choncho mbewa yopezeka yofa kale si yootcha. Khoswe wakufa naye akwiriridwe mozama, galu ndi mphaka asamupeze.

Ngozi ikagwa, wodwala asakakamizidwe kusanza kapena kumwetsedwa mkaka. Mazenera atsekulidwe, ndipo athamangire naye kuchipatala pamodzi ndi paketi ya mankhwalawo. Kudikira kuti kuche kungasandutse nkhondo yolimbana ndi khoswe kukhala maliro.