Barry Sanders: Katswiri Amene Anasiya Mpira Akadali ndi Mphamvu

Ku America mawu akuti football satanthauza mpira wa miyendo umene timaudziwa kuno. Amanena masewera a mpira wooneka ngati dzira, umene osewera amaunyamula m'manja kapena kuponyerana. Timu imakhala ndi osewera 11 m'bwalo ndipo imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mpirawo mayadi 10 kupita kutsogolo. Ikalephera, mpira umapita kwa adani. Yadi imodzi imachepera pang'ono pa mita. Wosewera wotchedwa running back amalandira mpira n'kuthamanga nawo pakati pa adani ofuna kumugwetsa, ndipo akafika nawo kumapeto kwa bwalo wagoletsa chigoli chotchedwa touchdown. Nkhani ino ikufotokoza mbiri ya Barry Sanders pofuna kuonetsa kuti pa ntchito imeneyi luso la munthu mmodzi silokwanira.

Sanders anabadwa m'chaka cha 1968 mumzinda wa Wichita, m'chigawo cha Kansas. Anali wamfupi, wa masentimita 173, choncho ndi mayunivesite ochepa okha amene anamufuna. Analowa pa Oklahoma State University mu 1986, koma kwa zaka ziwiri ankangothandizira Thurman Thomas, amene anali mwini malowo. Thomas atachoka, Sanders anadabwitsa dziko lonse. Mu 1988 anathamanga ndi mpira mayadi 2,628 ndi kugoletsa ma touchdown 37 m'masewera 11 okha, ndipo analandira Heisman Trophy, mphotho ya wosewera wopambana onse wa m'makoleji.

Mu ligi yaikulu ya NFL, matimu amene sanachite bwino ndi amene amayamba kusankha osewera ochokera kukoleji. Lamuloli limathandiza kuti matimu azifanana mphamvu, koma limachititsanso kuti katswiri agwere m'timu yofooka. Mu 1989 Sanders anasankhidwa kachitatu, ndipo anatengedwa ndi Detroit Lions, timu imene chaka chapitacho inapambana masewera 4 mwa 16.

Running back amadalira anzake asanu a kutsogolo, amene amakankha adani kuti amutsegulire njira. Njira ikatsekeka, ambiri amangogwa. Sanders ankaima mwadzidzidzi, kuzemba, kubwerera m'mbuyo, n'kutulukira kumene adani samayembekezera. Nthawi zina ankagwetsedwa asanafike n'komwe pamene anayambira, koma akapeza mpata palibe ankamugwira. M'zaka zonse 10 zimene anasewera, chaka chilichonse ankapitirira mayadi 1,000. Mu 1997 anafika 2,053 ndipo anagawana ndi Brett Favre mphotho ya wosewera wofunika kwambiri mu ligi. Akagoletsa sankavina, ankangopereka mpira kwa woimbira.

Komabe mutu umodzi susenza denga. M'zaka zonsezo, timu ya Lions inapambana kamodzi kokha m'masewera a chipulumutso, pamene inagonjetsa Dallas Cowboys mu Januwale 1992, ndipo sinafike ku Super Bowl. Mu Julayi 1999, ali ndi zaka 31 komanso ali wathanzi, Sanders anatumiza kalata pa fakisi ku nyuzipepala ya kwawo ya Wichita Eagle yolengeza kuti wasiya mpira. Anali ndi mayadi 15,269, ndipo ankangotsala ndi 1,457 kuti afike pa 16,726 a Walter Payton, amene panthawiyo anali pamwamba pa onse. Chaka chimodzi chikanamukwanira. Pambuyo pake iye anafotokoza kuti anatopa ndi kugonja komanso anakhumudwa ndi mmene timuyo inkayendetsedwera.

Otsatira timu ambiri anakwiya, koma mkwiyowo unazirala. Mu 2004 dzina lake linalowa mu Pro Football Hall of Fame, ndipo mu 2023 a Lions anamuimikira chipilala panja pa bwalo lawo la Ford Field. Manambala ake amatiuza zimene iye anachita payekha. Kuchoka kwake kumationetsa kuti chimene ankafuna kwenikweni chinali chikho, ndipo chikho amachitenga ndi timu yonse.