Chifukwa Chake Ulendo wa ku New York Umatalika Kuposa wa ku London

Pakati pa bwalo la ndege la Heathrow ku London ndi la John F. Kennedy ku New York pali mtunda wa makilomita pafupifupi 5,500, koma ndege siitsata mzere wowongoka umene munthu angajambule pamapu, popeza dziko ndi lobulungira ndipo njira yachidule imakhotera kumpoto, n'kukadzera kum'mawa kwa Canada.

Ulendo wopita ku New York umatenga maola pafupifupi 8, pamene wobwerera umatha m'maola 7. Chimene chimasiyanitsa maulendowa ndi jet stream, yomwe ndi mphepo yamkuntho yoomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, makilomita pafupifupi 10 m'mwamba, momwemo mouluka ndege. Yopita ku London imayenda mokankhidwa ndi mphepoyi, pamene yopita ku America imalimbana nayo, n'chifukwa chake oyang'anira maulendo a ndege ku Gander ndi ku Prestwick, kumbali ziwiri za nyanja, amasintha njira za panyanja ya Atlantic tsiku lililonse. Mu February 2020, namondwe Ciara atakolezera mphepoyo, ndege ya British Airways yochokera ku New York inafika ku London m'maola 4 ndi mphindi 56 zokha, ngakhale kuti sinapose ndege yothamanga kwambiri ya Concorde, imene mu 1996 inatenga maola osakwana 3.