Za Liwu Lachingerezi Lakuti "Expedient"

Ophunzira athu ambiri akakumana ndi liwu lakuti "expedient" amafulumira kulimasulira kuti "chabwino" kapena "chaphindu", nakhutira pomwepo. Kumasulira kotere sikulakwa kwenikweni, koma kusiya kunja gawo lina la tanthauzo limene mphunzitsi ayenera kulidziwa asanaime pamaso pa ana.

Tiyambe ndi kwao kwa liwuli. Linabadwira m'Chilatini, ku mneni wakuti "expedire", amene ali ndi mizu iwiri: "ex", ndiko kuti kunja, ndi "pes", ndilo phazi. Kwa Aroma "expedire" kunali kuwonjola phazi logwidwa mu msampha kapena m'matangadza. Mwana wa kwa Mwambo amene anaonapo mbalame ya m'dambo la Chilwa ili kuphupha, mwendo uli m'khwekhwe, adzamva fanizo limeneli msanga koposa mwana wa ku London. Tsono chinthu chili "expedient" ngati chimchotsa munthu pamene wakodwa kuti apitirire ulendo. Mbale wake ndi "impede", kukola phazi. Winanso ndi "expedition", dzina la ulendo wonga uja wa David Livingstone ndi John Kirk, amene anafika ku nyanja ya Chilwa mu 1859.

M'Baibulo lachingerezi la King James, la 1611, liwuli lioneka ndi nkhope ziwiri. Pa 1 Akorinto 6:12 liimira zinthu zimene zimthandizadi munthu, kuzilekanitsa ndi zimene zili zololeka chabe. Koma pa Yohane 11:50 omasulira analiika m'kamwa mwa Kayafa, pamene iye analangiza akulu anzake kuti aphe munthu wosalakwa pofuna kudzitchinjiriza. Masiku ano nkhope yachiwiriyi ndiyo imveka kawirikawiri. Mngerezi akati mtsogoleri wachita chinthu chifukwa chinali "expedient", nthawi zambiri sali kumtama ayi. Atanthauza kuti wasankha chomupulumutsa lero, osafunsa ngati chili cholungama.

Chitsanzo tisachifune kutali. Msodzi wa ku Kachulu akalumikiza masikito nakokera nsomba, adzaza dengu tsiku lomwelo, koma wakokolola ndi tiana ta matemba timene tikanabala chaka chamawa. Ine sindifulumira kumdzudzula, pakuti anthu amene anaiona nyanja yao itauma mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018 adziwa bwino kuti njala siidikira mawa. Komabe ntchito yakeyo ndiyo Angerezi aitcha "expedient": phazi laonjoka, koma funso la chilungamo latsala m'khwekhwe momwemo. Nafenso tichita zomwezo pamene tiloweza ana mayankho mayeso atayandikira, tisanawafotokozere chifukwa chake.

Nanga tilimasulire bwanji? Werengani chiganizo chonse, mumve mtima wa wolemba. Ngati avomereza, nenani "n'kothandiza" kapena "n'koyenera pa nthawi ino". Ngati anyoza, nenani "n'kongopulumukirapo". Liwuli likhalanso dzina: "an expedient" ndi njira yongogwirizira, monga kutseka chiboo cha bwato ndi nsanza kufikira mutafika kumtunda. Polemba pa bolodi mutseke mzere pansi pa "ped", ndipo ana adzalizindikiranso mu "pedal" ya njinga ndi mu "pedestrian", munthu woyenda pansi.