Galu wachilendo akafika pakhomo

Ife okhala m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira, Mangochi, Salima mpaka ku Nkhotakota, agalu oyendayenda satisowa. Usipa ukakhala pathandala, matumbo a chambo atatayidwa kuseri kwa khitchini, fungo limafika kutali, ndipo galu wanjala amalitsata. Tsiku lina mungodzuka n'kupeza galu amene simunamuonepo atagona pansi pa nkhokwe kapena akununkhiza pakhola la mbuzi. Mwini wake sadziwika. Abambo ali panyanja, pakhomo patsala amayi ndi ana.

Chimene chimachitika kawirikawiri tonse tikuchidziwa. Ana amatola miyala, wina legeni, n'kuyamba kumuthamangitsa mokuwa. Apa m'pamene ngozi imayambira, chifukwa galu wamantha akapanikizidwa pakati pa mpanda ndi khola, njira yake yotulukira imakhala mano. Ndipo amene ali kutsogolo pa gulu lothamangitsalo nthawi zonse ndi mwana wamng'ono, amene nkhope yake ndi khosi zili pafupi ndi kamwa la galuyo.

Choyamba ndi kulowetsa ana m'nyumba. Kenako munthu wamkulu aime patali, amuyang'ane galuyo bwinobwino, osamuyandikira komanso osamutsekera njira. Agalu ambiri otere ndi anjala chabe, kapena atsata galu wamkazi wa m'mudzi. Mukachotsa chomwe wadzera, nsomba mwaanula, zotsala mwakwirira, amachoka yekha. Mwana amene wakumana naye panjira yopita kumadrasa asathawe, pakuti kuthawa n'kumuitana. Aime chilili, manja ataphatika m'mbali, osamuyang'ana m'maso, mpaka galuyo atapita. Akagwetsedwa pansi adzipinde, abise nkhope ndi khosi m'manja. Izi tiziwaphunzitsa ana monga timawaphunzitsira kuopa ng'ona pamadzi.

Koma pali galu wina amene sanadzere nsomba, ndipo ndi amene watichititsa kulemba nkhani ino. Ameneyu ndi wachiwewe. Anthu ambiri amaganiza kuti galu wachiwewe ndi yekhayo wolusa, wothamanga uku ndi uku akuluma mitengo, miyala ndi chilichonse. Zoona, alipo wotero. Koma alipo winanso wofatsa, wooneka womvetsa chisoni, miyendo yakumbuyo ikugwedera, kamwa lili yasa, dovu likuchucha. Kwathu kuno munthu akaona zimenezi amangoti, "Wakodwa ndi minga ya nsomba pakhosi," ndipo wachifundo amafuna kupisa dzanja kuti amuchotse. Chonde abale, osapisa. Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu momwemo, ndipo kamalowa ngakhale pa kabala kakang'ono, konga kamene mbedza kapena chingwe cha ukonde chimasiya pachala. Msodzi wopanda bala m'manja ndani?

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa muno ndi ku Asia, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onsewo matendawa amawatengera kwa galu. Kuipa kwake n'kwakuti amabisala. Bala limapola, mwana amabwerera kusukulu, makolo n'kuiwala. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina sabata imodzi yokha, nthawi zina mpaka chaka, mwana uja amayamba kutentha thupi, kubwebweta, kuopa madzi ngakhale ali ndi ludzu. Zikafika apa palibe mankhwala, kuchipatala kapena kwa sing'anga. Komatu zizindikiro zisanayambe, matendawa amapeweka ndithu.

Tsopano tilankhulane ngati Asilamu, pakuti pali pena pamene timasokoneza zinthu ziwiri. Tinaphunzira kumadrasa kuti malovu a galu ndi najisi yolemera, ndipo m'Hadith, Mtumiki (s.a.w) anatilamula kuti chiwiya chimene galu wanyambita chitsukidwe kasanu n'kawiri, kamodzi ndi dothi. Ambiri a ife kuno timatsata maphunziro a Imam Shafi'i, amene amati lamuloli limakhudzanso chovala ndi thupi. Zimenezi n'zoona ndipo sitikuzichepetsa. Koma kutsuka kumeneku n'kwa twahara, kuti munthu aimirire pa Swala ali woyera. Si mankhwala a bala. Dothi silipha kachilombo ka chiwewe, ndipo mukalipaka pabala lotseguka mukhoza kuwonjezerapo kafumbata, amene tizilombo take timakhala m'nthaka momwemo. Chipembedzo chathu sichitilamula kudzivulaza. Mbale, mphika ndi nsalu tsukani monga tinaphunzirira. Za khungu lozungulira bala mudzafunsa Shehe wanu pambuyo pake, Swala yanu siitayika. Koma bala lenilenilo likufuna sopo ndi madzi.

Tsukani nthawi yomweyo, ndi sopo aliyense amene ali pafupi, wochapira yemwe, madzi akuyenderera pabalapo kwa mphindi 15. Mphindi 15 n'zambiri kuposa mmene timaganizira. Wina azipopa mjigo kapena azithira ndi kapu kuchokera mu ndowa, wina azitsuka, ndipo ndowa imodzi siikwana. Mwana adzalira, mulekeni alire. Osathirapo phulusa, tsabola, fodya kapena mafuta a injini, osamanga zolimba. Mukatha, ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale ngati kukanda chabe. Katemera wake sabaya kamodzi, amabwereza pa masiku angapo, ndipo achipatala amalemba masikuwo m'buku. Apa mpamene ambiri amagwa ulesi: wabayitsa koyamba, bala lauma, mwezi wada ndipo usipa ukugwidwa, basi osabwereranso. Chipatala chaching'ono chikakutumizani kuchipatala cha boma, pitani. Ndalama ya kabaza kapena ya minibasi ikasowa, nenani kumzikiti. Sadaka timasonkha ija ntchito yake ndi yotere.

Nanga galuyo? Ngati mwini wake wapezeka, amumange pamalo amene ana safika, azimupatsa chakudya ndi madzi, ndipo a zaziweto adziwitsidwe. Galu amene waluma munthu amayang'aniridwa masiku 10. Akatha masikuwo ali bwinobwino, ndiye kuti tsiku lolumalo m'malovu ake munalibe chiwewe. Koma wolumidwayo asakhale pakhomo n'kumawerenga masiku, ayambe wapita kuchipatala, zinazo anene ndi adokotala. Galu akaluma n'kuthawa osaonekanso, tizimutenga ngati wodwala.

Ngati akuonetsa zizindikiro ndipo akuopseza anthu, uthenga upite msanga kwa amfumu ndi kwa mlangizi wa ziweto, pagombe auzidwenso a komiti, kuti makomo ena atsekere ana. Galu woluma anthu Chisilamu chimalola kumupha. Koma ikhale ntchito ya akuluakulu, yachangu, osati masewera a anyamata omuzunza ndi miyala. Mutu wake osauphwanya, chifukwa a zaziweto amapima ubongo kuti atsimikize matendawa. Mtembo osaugwira ndi manja, osauponya m'nyanja momwe timatunga madzi, ukwiriridwe mozama. Zoika temeki mu nsomba n'kusiya panja ife sitikugwirizana nazo n'komwe. Poizoni sasankha: adya ndi nkhuku, mphaka, galu wa mnansi wosalakwa, mwinanso mwana wokwawa.

Mbuzi ndi ng'ombe nazo zimatenga chiwewe. Mukapeza mbuzi yalumidwa usiku, ndi galu, nkhandwe kapena fisi, ipatuleni ndipo itanani mlangizi. Ikayamba kuchucha dovu, kulira modabwitsa kapena kugunda zinthu, musathamangire kuizinga kuti mupulumutse nyama. Wozingayo amagwira pakamwa ndi pakhosi, pomwe pali malovu. Mbuzi imodzi ndi ndalama, tikudziwa, koma siingafanane ndi munthu.

Tisapitirirenso malire n'kumaona galu aliyense ngati mdani. M'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya munthu amene anapeza galu akufa ndi ludzu pachitsime, n'kumutungira madzi ndi nsapato yake, ndipo Allah anamukhululukira machimo. Galu wanjala wongodutsa mungathe kumuikira madzi m'chigoba cha patali ndi nyumba, chimene simudyeramo. Ingodziwani kuti mukamudyetsa masiku atatu wasanduka wanu, ndipo udindo wake wagwera inu.

Udindo umenewo ndi katemera. Chipembedzo chimatilola kusunga galu wolondera ziweto, munda kapena wosakira, ndipo ena mwa ife tili nawo othamangitsa anyani m'chimanga. Koma tsiku la katemera likafika timachita manyazi kuoneka titagwira chingwe cha galu pamsewu, mwinanso kuopa najisi, galu n'kutsala wosabayidwa. Akatswiri amati agalu 7 mwa 10 alionse m'dera akabayidwa chaka ndi chaka, chiwewe chimaleka kufala. Ndi zimene bungwe la Mission Rabies lakhala likuchita ku Blantyre kuyambira mu 2015. Pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za matendawa, ndipo imeneyi ndi nthawi yabwino yofunsa mlangizi wa ziweto kuti katemera afika liti kwanuko. Tsikulo valani malaya akumunda, mangani galu wanu ndi chingwe cholimba, kalata ya katemera mukaisunge pamodzi ndi mabuku akuchipatala a ana. Mukabwerako mudzatsuka kasanu n'kawiri, madzi m'nyanjamu ndi ambiri.