Galimoto Yakale Ikayamba Kutsokomola

Anthu ambiri a ku Lisungwi amadalira magalimoto akale ochokera ku Japan. Ndiwo anyamula manachesi ndi mbatata za kachewere za kumapiri a Neno kupita nazo ku Zalewa ndi ku Blantyre, ndiwonso athamangira ndi odwala ku chipatala cha Lisungwi. Tsono galimoto yotere ikafera panjira, wovutika si mwini wake yekha ai.

Nthenda yofala pa magalimotowa ndiyo kuphonya kwa injini. Injini zambiri zili ndi masilinda anayi. M'silinda iliyonse petulo wosakanizika ndi mpweya amapanikizidwa, ndipo pulagi imayatsa moto. Silinda imodzi ikaleka kuyaka bwino, galimoto imanjenjemera ikaima, imatsokomola pokwera chitunda, ndiponso imamwa petulo wambiri.

Makaniko wanzeru amayamba ndi zinthu zotsika mtengo. Poyamba amasula mapulagi. Pulagi yakuda ndi mwaye isonyeza kuti petulo wachuluka, kapena sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi la m'misewu. Yonyowa ndi oyilo isonyeza kuti injini yatha m'kati. Kenaka amasuntha koyilo ya silinda yodwalayo kuiika pa silinda ina. Nthendayo ikasamuka nayo, ndiye kuti koyiloyo ndiyo yafa. Amafunsanso kumene petulo anagulidwa, pakuti wa m'zigubu nthawi zina amakhala ndi madzi kapena palafini. Kumene kuli makina owerengera kompyuta ya galimoto, nambala P0301 itanthauza kuti silinda yoyamba ikuphonya.

Kodi n'chifukwa chiyani nthendayi siyenera kulekereredwa? Pansi pa galimoto, pa paipi ya utsi, pali chitini chotchedwa catalytic converter, chimene chinafala pa magalimoto a ku America kuyambira 1975. M'kati mwake muli timabowo tonga zisa za njuchi, topakidwa zitsulo za mtengo wapatali monga platinum, ndipo ntchito yake ndiyo kuchepetsa poizoni wa mu utsi. Silinda ikaphonya, petulo wosapsa amakapsera m'chitinimo. Motowo umasungunula zisa zija, utsi nusowa potulukira.

Zizindikiro zake nzosavuta kuziona. Galimoto imalephera chitunda chimene kale inkakwera bwino. Utsi umanunkha ngati dzira lovunda. Chitinicho chikazizira, munthu akachigogoda pang'ono amamva tizidutswa tikuchita phokoso m'kati. Pa makina aja pamaoneka nambala P0420. Kanyali ka injini ka kutsogolo kwa dalaivala kakamaphethira, dalaivalayo ayenera kuchepetsa liwiro ndi kufuna makaniko tsiku lomwelo.

Ena amangoboola chitinicho ndi kutaya zam'kati. Mphamvu imabwerako ndithu, koma kuphonya kuja kumakhalapobe, ndipo utsi woipa amaupuma ndi ana a m'mbali mwa msewu. Enanso amagula chitini china asanakonze pulagi, ndipo nacho chimapsa msanga.

Chifukwa chake eni magalimoto akumbukire kuti pulagi ndi koyilo nzotsika mtengo kutalitali poyerekeza ndi catalytic converter. Nawo aphunzitsi achita bwino kuwerengera nkhaniyi madalaivala a m'midzi yao.