Kodi mumadziwa? Paipi yogwera m'chitsime imawedzedwa

Pokumba zitsime za mafuta ndi gasi, paipi imatha kukanirira kapena kuduka makilomita angapo pansi pa nthaka. Akatswiri amatsitsa chida chotchedwa overshot, chomwe chimameza mutu wa paipiyo n'kuigwira kunja, pomwe china chotchedwa spear chimalowa m'kati mwake. Ikakanabe, chida china, jar, chimaigwedeza ndi nkhonya zamphamvu mpaka itamasuka.

Luso lomweli limafunikanso pa mijigo ya m'midzi yozungulira Kapata ndi Chipata yonse. Pampu ya India Mark II ili ndi mapaipi achitsulo a mamita 3 olumikizana. Dzimbiri likadya polumikizira, paipi imagwera pansi, ndipo okonza mijigo amaiwedza ndi ngowe. Ntchitoyi ndi yosapeputsa: akalephera, amayi amabwereranso kotunga kudambo, madzi abwino ali m'chitsime momwemo.