Simbi yamagetsi ingatiphunzitse chiyani za chipatala chathu?

Mwezi wathawu ndinaperekeza mayi anga ku chipatala china chaching'ono kuno ku Blantyre kukatenga mankhwala a BP. Tinanyamuka ku Nancholi kusanache, ndipo 6 koloko inatipeza tili kale pamzere. Adokotala tinaonana nawo 11 koloko itadutsa. Ndili chikhalire pabenchi, ndinaona kabokosi kathabwa kokhomeredwa kukhoma, kolembedwa kuti odwala aziponyamo maganizo awo. Loko wake anali atachita dzimbiri. Ndinawafunsa mayi ngati anaponyamopo kanthu. Anangoseka n'kunena kuti, "Iwe, ndilembe kuti awerenge ndani?"

Mwina mudabwa, koma funso la mayi angali ndi la fizikisi. Tiyeni tiyambire pa chinthu chimene nonse mumachidziwa: kusita yunifolomu.

Ukamasita ndi simbi yamakala, woyeza kutentha ndiwe. Umawaza timadzi pansi pake, ukamva kuti "tswee" wadziwa kuti yapsa, ndiye umaiyika pambali kuti izizireko. Simbi yamagetsi imachita zimenezi yokha. M'kati mwake muli kachitsulo kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zosiyana zomatidwa pamodzi. Zikatenthedwa, china chimafutukuka kwambiri kuposa chinzake, choncho kachitsuloko kamapindika n'kudula magetsi. Ndi nthawi ija mumamva kaphokoso, kanyali n'kuzima. Simbi ikazizira, kachitsulo kamawongoka, magetsi ayambanso kuyenda. Akatswiri amati feedback: zotsatira za ntchito zimabwerera kwa wogwira ntchitoyo n'kusintha kagwiridwe kake. Thupi lanu nalonso limatero. Kutentha kukapitirira madigiri 37 mumatuluka thukuta, kukatsika mumanjenjemera.

Tsono taonani kuti pakufunika zinthu zitatu. Pakhale kuyeza, uthenga ufike kwa amene angathe kusintha zinthu, ndipo asinthedi. Chimodzi chikasowa, malaya apsa basi.

Pachipatala, amene amamva "kutentha" ndi wodwala. Ndi iye amadziwa maola amene wakhala pamzere, ngati namwino wamufotokozera kamwedwe ka mankhwala, ngati wayezedwa poduka mphepo kapena anthu akusuzumira. Zimenezi si nkhani yongosangalatsa munthu ayi. Wodwala BP amene wakalipidwa akhoza osabweranso mwezi wamawa, ndipo matendawa sapweteka, amangogwetsa munthu mwadzidzidzi. Mtsikana wa Fomu 3 amene wachititsidwa manyazi pagulu sapitanso kukafunsa za thupi lake. Kabokosi kosatsegulidwa kaja kali ngati kachitsulo ka m'simbi kamene kakupindika bwinobwino koma sikakhudza waya aliyense.

Ngakhale katamatsegulidwa, pali vuto lina. Mukukumbukira sikelo ya mu labu imene muvi wake suyambira pa ziro? Muyeze kakhumi, yankho lidzalakwika kakhumi, ndipo lidzalakwikira mbali imodzimodzi. Kabokosi nakonso n'kokondera chomwecho. Kamamva okhawo odziwa kulemba, amene ali ndi cholembera m'thumba, komanso opanda mantha. Agogo osadziwa kulemba sakuwerengedwa. Amene anatopa n'kusiyiratu kubwera, omwe ndi ofunika kuwamva kuposa onse, sakuwerengedwanso.

Njira ina yothana ndi mavuto awiriwa inabadwira kuno kwathu. M'chaka cha 2002, bungwe la CARE Malawi linayambitsa njira yotchedwa Community Score Card, imene lero ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Anthu a m'dera amakhala m'magulu, amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, kuti wina asaope kulankhula pamaso pa mnzake. Amatchula pakamwa zimene zimawavuta pachipatala chawo, n'kugwirizana mfundo zoti aziyeza, monga kupezeka kwa mankhwala kapena malankhulidwe a ogwira ntchito, ndipo mfundo iliyonse amaipatsa malikisi. Ogwira ntchito pachipatalapo nawo amakhala paokha n'kudzipatsa malikisi. Kenako mbali ziwirizi zimakumana pamaso pa mafumu ndi akuluakulu a zaumoyo a m'boma, kuyerekeza malikisi aja, n'kulemba kuti achite chakuti ndi ndani, pofika liti. Pakatha miyezi ingapo amayezanso. Mwaona? Zitatu zija zonse zilipo.

Koma wasayansi sakhulupirira chinthu chifukwa chakuti chikumveka bwino. Amayesa. Pakati pa 2012 ndi 2014, njirayi inayesedwa m'boma la Ntcheu pa zipatala 20. Anaziika ziwiriziwiri zofanana, ndipo pa ziwiri zilizonse anasankha mwamaere chimodzi choti chigwiritse ntchito njirayi, chinacho n'kupitiriza monga kale. N'chimodzimodzi mmene timachitira mu labu: timasintha chinthu chimodzi, zina zonse n'kuzisiya, kuti tidziwe chimene chabweretsa kusiyana. Maere aja ndi oti wofufuza asasankhe zipatala zimene akudziwa kale kuti zichita bwino. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2017. M'madera amene munali njirayi, maulendo a alangizi a zaumoyo okayendera amayi oyembekezera kunyumba anakwera ndi maperesenti 20 poyerekeza ndi madera enawo, ndipo amayi anasonyeza kukhutira kwambiri ndi chithandizo cha uchembere.

Ku Uganda kunachitika zofananako, ndipo nkhani yake ili ndi phunziro lina. Kafukufuku wa Martina Björkman ndi Jakob Svensson, wosindikizidwa mu 2009, anayesa njira ya mtundu womwewu pa zipatala 50 za kumidzi, n'kupeza kuti imfa za ana osakwana zaka 5 zinatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Dziko linachita chidwi. Patapita zaka, ofufuza ena anabwereza pa zipatala zoposa 300 m'dziko lomwelo. Iwo anapeza kuti kasamalidwe ka odwala kanasinthako pang'ono ndipo odwala anakhutirako, koma imfa za ana sizinasinthe. Ndiye titaye njirayo? Ayi. Tingodziwa malire ake. N'chifukwa chake ndimakuumirizani kubwereza muyeso: zotsatira za ulendo umodzi, ngakhale zokoma chotani, sizikwanira.

Malirewo simbi yomwe ija ikutiuza. Magetsi akazima, kachitsulo kaja kawongoke bwanji, simbi sitentha. Ngati chipatala chili ndi namwino mmodzi pa anthu mazanamazana, kapena mankhwala sanabwere kuchokera kunkhokwe, malikisi a odwala sangabale namwino wachiwiri. Zimene amasintha msanga ndi zomwe zili m'manja mwa anthu a pomwepo: nthawi yotsegulira, kayendedwe ka mzere, katani wa pachipinda choyezera, malankhulidwe. Zinazo amangothandiza kuti zifike kwa akuluakulu zili ndi umboni. Tisaiwalenso kuti pamsonkhano wotere namwino naye amapeza mpata wonena zake, ndipo anthu amamva koyamba kuti amene amamunena kuti ngwaulesi wagwira ntchito usiku wonse.

Nanga inu mungachitepo chiyani? Mukaperekeza agogo kapena mng'ono wanu kuchipatala, tengani kope. Lembani nthawi yofika, nthawi yoonana ndi adokotala, ndi nthawi yolandira mankhwala. Mawu akuti "timachedwa" munthu akhoza kuwatsutsa, koma "maola 5, ndipo 4 mwa iwo tinathera pa kulembetsa" amaloza pamene pali vuto. Musalembe maina a odwala kapena matenda awo, ndipo musajambule munthu, chifukwa zimenezo ndi zinsinsi zawo. Lembaninso zimene zayenda bwino, apo ayi sikelo yanu nayo yakondera. Zimene mwapeza zili nako kopita. Zipatala zazing'ono za boma zimakhala ndi komiti ya anthu a m'dera, ndipo zipatala zambiri zili ndi ombudsman, amene ntchito yake ndi kulandira madandaulo a odwala. Mukapereka, funsani mwaulemu kuti mudzabwere liti kudzamva yankho.

Ine ndayamba kale. Ulendo wa mayi uja ndinaulemba, ndipo wa mwezi uno ndi wa mwezi wamawa ndiulembanso, popeza muyeso umodzi sindingapite nawo kukomiti. Mayi atandiona ndikuyang'ana wotchi anati, "Uphunzitsi wakowu sutha ngakhale kuchipatala?" Koma pobwerera, tili mu minibasi, ndi iwo amene anandikumbutsa kuti ndilembenso zoti namwino wa tsikulo anawafotokozera bwino za kuchepetsa mchere.